Bowa wa M'mwezi wa Ramadhani

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinali mwana wamakani. Ndanena zimenezi poyambirira kuti wowerenga asandimvere chisoni chopitirira muyeso. Kunali kwathu ku Liwaladzi, m'mbali mwa nyanja, zaka zija ulamuliro wa chipani chimodzi utangotha, pamene aliyense, ngakhale mwana wotumidwa kukatunga madzi, ankayankha kuti ndi ufulu wake. Sukulu yaulere inali itangoyamba, ndipo m'kalasi mwathu tinkakhala mothithikana ngati usipa pathandala.

Chaka chimenecho mwezi wa Ramadhani unagwa m'dzinja, mvula ili pakati. Ine ndinali ndisanathe msinkhu, choncho kumanga, komwe ndi kusala kudya ndi kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, sikunali kokakamiza kwa ine. Ana a msinkhu wanga ankamanga kulekezera masana, n'kumasula ndi chinangwa chootcha, akuluakulu n'kumawayamikira kuti akuphunzira. Koma ine ndinali ndi mchimwene wanga Twaha, wondiposa ndi zaka ziwiri, yemwe ankalemba mizere ndi khala pakhoma lakuseri kwa khitchini, mzere umodzi pa tsiku lililonse lomwe wamanga lathunthu. Tsiku lina anandiuza kuti atsikana sangathe. Anangotero basi, akutokosa m'mano. Nanenso ndinatola khala n'kuyamba mizere yanga pambali pa yake. Pofika tsiku limene ndikufuna kusimbali, aliyense wa ife anali ndi mizere khumi ndi isanu ndi umodzi, ndipo ine ndinali wokonzeka kufa kusiyana ndi kuperewera umodzi. Sindinkadziwa kuti mawu otere munthu sayenera kuwaganiza mosewera.

Pamudzi pathu panali azakhali anga a Hawa, alongo awo a bambo. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wouma thupi, woyenda ngati akuthamangitsidwa. Anali atapitirira kale zaka zija zomwe mayi amaloledwa kudumpha masiku ena pamwezi n'kudzabweza pambuyo, ndipo chidutsireni zaka zimenezo sanaphonyepo tsiku ngakhale limodzi la Ramadhani. Malungo ankabwera, iwo osamasula. Ankalima atamanga, ankasinja mpunga atamanga. Amayi akumzikiti akafuna kuchititsa manyazi mtsikana waulesi ankati, "Taonani a Hawa." Ndikudziwa kuti mbiriyo inkawakomera. Munthu wopanda mwamuna, wopanda mwana wamoyo, wopanda nyumba ya malata, anali ndi dzina limenelo basi.

M'dzinja azakhali ankakwera phiri lakumadzulo kwa mudzi wathu kukazula bowa. Wina ankagulitsa m'mbali mwa msewu wa tala kwa anthu a m'mabasi ndi m'malole, wotsala n'kufutsa. Kale anthu ankalekezera m'munsi poopa alonda a nkhalango, koma masiku amenewo mantha anali atachepa, aliyense ankati tinavota, ndipo bowa wam'munsi ankatha kusanache. Wofuna ndelema zazikulu ankayenera kukwera mpaka pamwamba, kufupi ndi malire a nkhalango ya nyama.

Lachisanu lina mnzawo yemwe ankapita naye anadwala. Ine ndinapempha kuti mawa lake ndipite nawo. Sindinali nditakwerapo phiri chibadwire. Chinthu chachitali chomwe ndinali nditakwerapo chinali chulu cha kumunda kwathu.

Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukafuna kupita nane, mawa sumanga," anatero. "Ine mafupa anga anazolowera. Iwe ndiwe mwana, Mulungu sanayambe kukuwerengera. Wamva, Mwanaisha?"

"Ndamva, azakhali."

Ndinamvadi, koma ndi makutu okha. M'mawa, titaswali pemphero la m'bandakucha, anandipatsa mbatata yophika kuti ndidye tisananyamuke. Ndinapita nayo kuseri kwa nkhokwe, nkhuku n'kuchita nayo phwando. Kenako anandipatsa kachigubu kachikasu ka pulasitiki, kosaonekera m'kati, kodzaza madzi. Iwo anali atamanga, choncho madziwo anali anga ndekha. Ndinakamangirira m'chitenje kumsana ngati mwana, n'kusenza dengu langa.

Kunja kunali kozizira bwino. Mitambo inali itaphimba thambo lonse, yotuwa, yotsika, ndipo dzuwa silinaoneke n'komwe. Ine mumtima ndinkaseka. Ndinkati ngati ndinapirira masiku otentha aja a kunyanja, pamene malovu amauma munthu uli khale pamthunzi, tsiku lozizira chonchi lingandivute n'chiyani? Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.

Tinadutsa msewu wa tala, minda ya chinangwa, dambo la mpunga momwe matope ankatigwira m'akakolo. Patsinde pa phiri panali kamtsinje ka madzi oyera ofika m'mawondo. Titaoloka, azakhali anaima n'kukaloza.

"Kameneka ukaone bwino. Mvula ikagwa kumwambaku kamasanduka china. Tiyenera kukhala titaoloka isanagwe, apo ayi tigona kutsidya kuno."

Kenako kukwera kunayamba. Ine ndinkaganiza kuti phiri umalikwera kamodzi n'kufika. Ayi ndithu. Ukati apo ndi pamwamba, ukafikapo umapeza pamwamba pena pakukudikira. Njira inali yopapatiza, yoterera, ya miyala yogubuduzika ndi mizu yopingasa. Malo ena tinkakwera ndi manja omwe, dengu titalikankhira patsogolo. Ntchafu zinayamba kutentha, mtima ukugunda m'makutu, ndipo chomwe chinandidabwitsa chinali thukuta. Mphepo inali yozizira, mikono yanga ili tsemwe, koma diresi lonse linali litanyowa kumsana. Akashembe ankatiluma kudutsa nsalu. Azakhali ankangopita patsogolo osatembenuka, zidendene zawo zong'ambika zikugwira mwala ngati za mbuzi.

Kawiri konse tinapuma, ndipo kawiri konse anati, "Imwa madzi." Ine ndinkatembenuka ngati ndikuwalemekeza kuti asaone munthu akumwa iwo atamanga. Ndinkatsegula kachigubu, kukaika pamilomo yotseka, kugwedeza kholingo, n'kupukuta pakamwa. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Mantha anayamba ndi anyani. Anauwa chapafupi, mawu akulu ngati a munthu wokwiya, koma osaoneka. Patsogolo pang'ono azakhali anaima mwadzidzidzi. Pakati pa njira panali ndowe zazikulu ngati mitu ya anthu, zobiriwira, zikufuka kanthunzi m'kuzizira muja. Nthambi za mtengo wapambali zinali zothyoka kumene, utomoni ukadali kudontha.

"Njovu," ananong'ona. "Zadutsa posachedwa. Usalankhule mokweza, ndipo usatalikire."

Njovu ndinkangozimva m'nkhani za anthu omwe zinawadyera chinangwa, ndipo panali bambo wina wa mudzi woyandikana nawo yemwe anthu ankati anakamutola m'zidutswa. Kuyambira pamenepo chitsamba chilichonse chotuwa chinali njovu kwa ine.

Tinafika pamalo a bowa chakumasana, ngakhale kuti nthawi inali yovuta kuidziwa popanda dzuwa. Panali mitengo ya mombo ndi misuku, pansi pali masamba onyowa onunkhira chinyontho. Ndelema zinali mbee, zina zotambasuka ngati mbale, ndipo manyame ofiirira anali waa m'mbali mwa miyala. Kwa kanthawi ndinaiwala zonse. Ndinkazula, kusasa dothi, kuponya m'dengu, kuona wina patsogolo, kuthamangira. Mutu unali utayamba kuwawa cham'mphumi, ndipo ndikawerama n'kudzuka mitengo inkazungulira pang'ono, koma ndinkati zitha.

Sindinaone komwe chifunga chinachokera. Ife ana a kunyanja mtambo wofika pansi tinkaudziwa umodzi wokha, wa tizilombo touluka tija timatuluka m'madzi, ndipo umenewo umauona uli kutali. Uwu unangotulukira pakati pa mitengo, wozizira, wonyowetsa nsidze. Nditadzutsa mutu, mtengo wachitatu kuchokera pomwe ndinaima sunkaoneka. Azakhali kunalibe.

Ndinafuna kukuwa, koma ndinakumbukira njovu. Ndinayesa kuitana chapansipansi, lilime n'kupezeka kuti lakakamira kumwamba kwa kamwa, mawu otuluka ngati a nkhuku yachitopa. Ndinayamba kuyenda mofulumira kulowera komwe ndinkaganiza kuti ndachokera. Kulikonse kunali kofanana. Kenako mitengo inatha, ndipo ndinapezeka ndili pathanthwe lalikulu lopendekeka, lonyowa, la ndere zobiriwira. Ndinali nditayenda mapazi angapo pamwamba pake ndisanazindikire kuti kumunsi kwake kulibe kanthu, chifunga chokhachokha, ndi mkokomo wa madzi kutali pansi.

Pamenepo ndi pomwe mwendo wakumanja unakokana. Katumba kanauma gwaa ngati mwala, ululu wake wosasimbika. Ndinagwa chokhala. Dengu linachoka pamutu, n'kugubuduzika pang'onopang'ono ngati likuganiza, bowa akumwazika, kenako linalowa m'chifunga muja. Ndinamvetsera kuti ndimve likugwa. Sindinamve kanthu.

Sindinaopepo chinthu moyo wanga wonse ngati mmene ndinaopera pathanthwe lija. Ndinagona chammbali, zala zitakola kamng'alu ka mwala. M'maso munkabwera mdima n'kuchoka, kubwera n'kuchoka. Ndinkadziwa kuti mdimawo ukabwera n'kukhalitsa, zala zimasuka, ndipo nditsatira dengu. Ndinayesa kunena mapemphero omwe tinaphunzira kumadrasa, koma mawu ankasokonekera. Ndinaganiza za amayi. Ndinaganizanso, ndipo ndikuchita manyazi kulemba izi, kuti ndikafa nditamanga Twaha adzadziwa kuti atsikana amatha.

Azakhali anandipeza chifukwa cha mpango wanga wofiira womwe unakodwa pachitsamba m'mphepete mwa thanthwe. Ndinangomva mawu awo kumtunda kwanga, odekha modabwitsa.

"Usagwedezeke. Usayang'ane kumunsi. Yang'ana mwala."

Anatsika chokwawa, chafufumimba, n'kundigwira dzanja. Zala zawo zinali ngati waya. Anandikoka pang'onopang'ono, iwo akubwerera m'mbuyo, mpaka tinafika patsinde pa msuku. Anandikhazika chotsamira, kunditsina katumba kaja, kundiyang'ana m'maso ndi m'milomo. Kenako anamasula chitenje changa kuti atenge kachigubu.

Atakanyamula, dzanja lawo linaima m'malere. Anakagwedeza. Sikanalire n'komwe, chifukwa kanali kodzaza mpaka pakhosi.

Madontho a chifunga ankagwa kuchokera m'masamba.

"Mwanaisha, wamanga?"

Ndinayang'ana pansi.

"Mbatata ija?"

"Nkhuku, azakhali."

Ndinkayembekezera khofi, ndipo likanandiyenera. Koma iwo anangotsegula kachigubu n'kundiikira pakamwa. Ine ndinaluma mano n'kutembenuza mutu.

Ndikaganiza lero, ndimafuna kubwerera n'kukamugwedeza mwana ameneyo. Koma panthawiyo, m'mutu mwanga mosokonekeramo, zinthu zinali zitasakanikirana. Ndinkaona ngati thanthwe lija linali chilango cha bodza langa, ndipo ndikawonjezapo kumasula dala masana, Mulungu andimaliziratu pomwepo. Pansi pa mantha amenewo panali ena ang'onoang'ono, onyansa, a khoma lakuseri kwa khitchini.

"Imwa, mwana iwe. Kumanga kwako sikunayambe kuwerengedwa."

"Ayi, azakhali. Kwatsala pang'ono."

"Pang'ono pati? Dzuwa likadali pamutu. Taimirira tione."

Ndinayesa. Miyendo inapinda ngati ya mwana wa mbuzi wobadwa kumene, mdima uja n'kubweranso. Nthawi yomweyo kumadzulo kunagunda bingu, lalitali, lochokera pansi pamtima. Tonse tinalimva, ndipo tonse tinakumbukira kamtsinje kaja. Azakhali sakanatha kundibereka. Ndinali wamtali kale kuposa iwo, ndipo njira yotsika inali yofuna manja awiri. Kundisiya kuti akaitane anthu sikukanatheka, m'dera la njovu, mvula ikubwera. Panali njira imodzi yokha yochokera paphiri paja, ndiyo miyendo yanga, ndipo miyendoyo inkafuna madzi omwe ine ndinkawakana.

Anandikalipira. Anandinyengerera. Ananditchula dzina la agogo anga omwe ndinatengera. Anayesa kunditsegula pakamwa ndi zala, ine n'kulavula timadontho tomwe tinalowa. Bingu linagundanso, pafupi.

Kenako anasiya. Anakhala pansi moyang'anana nane, akuyang'ana kachigubu kali m'manja mwawo. Ndinaona milomo yawo yosweka ikugwedera, ndipo ndinamva akuti, "Bismillah," m'dzina la Mulungu.

Anamwa. Anakweza chibwano dala kuti ndione kholingo likuyenda, kamodzi, kawiri, katatu. Anatsitsa kachigubu, madzi akutsikira pachibwano, maso ali pa ine.

"Waona? Ngati ndi tchimo, layamba ndi ine. Tsopano imwa, tizipita."

Chimene ndinamva sindingathe kuchifotokoza bwino. Zinali ngati ndaona mzikiti ukugwa. A Hawa, omwe malungo anawalephera, amasula masana, ine ndikuona, chifukwa cha ine. Ndinayamba kulira mopanda misozi, ndipo ndikulira chomwecho ndinalandira kachigubu. Madzi oyamba anabwerera. Anandiuza kuti ndizimwa pang'onopang'ono. Anatulutsa chinangwa chophika ndi kamchere komwe ananditengera kuti ndidye masana, n'kumandinyemera tizidutswa ngati khanda. Iwo sanalaweko. Kupatula makamwa atatu aja, sanaikenso kanthu m'kamwa mpaka dzuwa kulowa.

Patapita kanthawi mdima unachoka m'maso. Tinayamba kutsika, ine patsogolo kuti azindiona, iwo pambuyo atasenza dengu lawo. Malo otsetsereka kwambiri ndinkatsika chokhala, diresi likung'ambika. Tinadutsanso pa ndowe zija osayankhulana. Chapakati pa phiri mvula inayamba, yoyamba yowaza, kenako yeniyeni, ndipo njira inasanduka ngalande. Ndinagwa kangapo. Nthawi iliyonse ndinkamva dzanja lija pakhosi pa diresi langa.

Kamtsinje tinakamva tisanakaone. Madzi anali ofiira, othamanga, atanyamula zinyalala ndi nthambi. Azakhali anaponyamo ndodo kuti aone liwiro lake, n'kumanga nsonga ya chitenje chawo padzanja langa. Madzi anandifika m'chiuno, ozizira, akundikankha mawondo, miyala ikusuntha pansi pa mapazi. Ndinatseka maso n'kumangotsatira kukoka kwa chitenje. Titafika tsidya, tinatembenuka n'kuona chigobo cha mtengo chikudutsa pomwe tinali titaima. Tikanachedwa pang'ono pokha, nkhaniyi bwenzi akusimba ndi ena.

Tinafika kunyumba anthu akukonza futali yomasulira. Amayi anakuwa ataona diresi langa ndi mawondo onyuka. Azakhali anangoti mwanayu anaterereka, dengu lapita. Twaha anandidikira kuseri kwa khitchini, khala lili m'manja.

"Lero ulemba?"

Ndisanayankhe, azakhali anayankha ali pakhonde akufinya chitenje.

"Lero ndinamuletsa ndine. Umusiye."

Sananame. Twaha analemba mzere wake wa khumi ndi chisanu ndi chiwiri monyadira, ndipo ine ndinadabwa kuona kuti sizinandipweteke. Unali mzere wa khala pakhoma la dothi, ndipo mvula ya sabata yotsatira inafufuta yonse, yake ndi yanga yomwe.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma patapita masiku angapo Idi itadutsa, amayi a pamudzi anasonkhana kwathu kudzathandiza kusinja mpunga, ndipo amayi anga anatulutsa thobwa. Chikho chitafika kwa azakhali, anakana ndi dzanja.

"Ndamanga."

"Ndi masiku asanu ndi limodzi aja odzipereka?" anafunsa mayi wina.

Akanangovomera, palibe akanadabwa, chifukwa ambiri amamanga masiku amenewo Idi ikatha. Koma azakhali bodza sankalidziwa.

"Ayi. Ndikubweza tsiku."

Misi inaima. Kenako mayi wina wanthabwala anaomba m'manja.

"Inu a Hawa, kubweza tsiku? Pa msinkhu wanuwo? Kodi mwabwerera utsikana? Tiuzenitu tikufunireni mwamuna!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Azakhali anaseka nawo, n'kutola musi n'kupitiriza kusinja. Ine ndinali pomwepo, chikho cha thobwa chili m'manja. Ndikanatha kunena. Mawu anafika pakhosi, koma ndinaopa amayi, ndinaopa bambo, ndinaopa Twaha, ndipo ndinameza mawuwo pamodzi ndi thobwa. Azakhali sanandiyang'ane n'komwe.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linasintha. Amayi anzawo ankawaitana kuti Namwali, ndipo dzinalo linawakakamira mpaka imfa yawo. Ena ankanong'ona kuti mwina ankadya mobisa zaka zonsezo. Mawu aja akuti "taonani a Hawa" sindinawamvenso. Iwo sanafotokozere munthu aliyense, ndipo ine ndi iwo sitinaikambepo nkhaniyi, ngakhale kamodzi, ngakhale pamene ndinkawasambitsa akudwala matenda omaliza.

Ngati anachita bwino kapena ayi pa malamulo a chipembedzo, ndisiyira mashehe. Chomwe ndikudziwa ine n'chakuti paphiri paja panali anthu awiri omanga. Wina ankamangira khala, ndipo anali wokonzeka kuphetsa anthu awiri kuti mzere usaperewere. Wina ankamangira Mulungu, ndipo n'chifukwa chake anatha kumasula. Kumanga kwanga kunali kosawerengedwa, koma ndinakuumirira. Kwawo kunali chuma chokhacho chomwe anali nacho pamaso pa anthu, ndipo anachipereka ndi makamwa atatu kuti mwana wabodza afike kwawo.

Chaka chilichonse Idi ikadutsa, ndikatha kubweza masiku anga, ndimawonjezera limodzi. Sindililemba paliponse. Padakali pano palibe amadabwa, chifukwa msinkhu wanga ukundibisabe. Koma zaka zikupita, ndipo tsiku lina mayi wina wanthabwala adzandipatsa chikho cha thobwa, ine n'kukana, iye n'kuomba m'manja kuti ndabwerera utsikana. Ndikulidikira tsiku limenelo. Ndidzaseka nawo monga anachitira azakhali, koma ine sindidzakhala chete. Ndidzawauza kuti aimike misi, akhale pansi, amve za a Hawa.